Kukhala ndi lamba pachifu: moyo umene umatsatira opaleshoni yochepetsa thupi

M'chaka cha 2011, pa maopaleshoni atatu alionse ochepetsa thupi amene ankachitika ku America, imodzi inali yoika gastric band, lamba wamng'ono wa silicone amene amamangidwa kumtunda kwa chifu. Pofika 2019 inali itatsika kufika pa imodzi yokha mwa maopaleshoni 100 otere. Madokotala ambiri anaisiya n'kutsata njira zina. Koma anthu amene anaikidwa lambayu nthawi imene anali wotchuka sanapite kulikonse. Ambiri adakali naye m'mimba, ku New York, ku Manchester, ku Melbourne, ku Johannesburg, ndipo tsiku lawo limayamba ndi kumvetsera ngati tiyi wam'mawa akutsika bwino kapena waima pachifuwa.

Amene sanakhalepo pafupi ndi munthu wotere amaganiza kuti nkhani yonse imathera m'chipinda cha opaleshoni, kuti ukangodzuka thupi limayamba kutsika lokha. Opaleshoniyo imatenga pafupifupi ola limodzi, ndipo ambiri amatuluka m'chipatala tsiku lomwelo kapena mawa lake. Ntchito yaikulu imabwera pambuyo: kubwerera kuchipatala mobwerezabwereza, kusintha kathinidwe ka lamba, kuphunziranso kudya ngati mwana. Ine ndimaona kuti munthu amene alibe chipatala chomutsatira kwa zaka zambiri sanalandire chithandizo chonse, ngakhale opaleshoni yake itayenda bwino chotani.

Lambayu ali ndi mbali zitatu. Yoyamba ndi mkombero umene umazungulira chifu, pansi pang'ono pa malo amene m'mero umalumikizana nacho. M'kati mwa mkomberowo muli kathumba kamene kamafufuma ngati chubu cha njinga akachipopa, kungoti m'malo mwa mpweya amathiramo madzi amchere a kuchipatala. Yachiwiri ndi kapaipi kochokera pamkomberopo. Yachitatu ndi kabatani kamene kali kumapeto kwa kapaipiko, kamene madokotala amati port. Kameneka amakasokerera pa minofu ya pamimba, pansi pa khungu, ndipo munthu akaonda amatha kukamva ndi chala. Pa chifu kapena matumbo palibe chimene amadula. Ichi ndicho chinakopa anthu ambiri, chifukwa ankauzidwa kuti zikavuta lamba angathe kuchotsedwa.

Ganizo la lamba wotheka kuthinitsa ndi kumasula linabadwa m'ma 1980. Ku New Jersey kunali Lubomyr Kuzmak, dokotala wobadwira ku Ukraine, ndipo ku Sweden kunali Dag Hallberg ndi Peter Forsell. Poyamba ankachita kung'amba mimba kuti amuike. Mu September 1993, m'tauni ya Huy ku Belgium, Mitiku Belachew, dokotala wobadwira ku Ethiopia, anaika lamba wotchedwa Lap-Band kudzera m'timabowo ting'onoting'ono pogwiritsa ntchito kamera. Dzina la mwana wa mu Africa ameneyu silitchulidwa kwenikweni kunja kwa misonkhano ya madokotala, pamene njira yake inafalikira dziko lonse. Bungwe la boma loona za chakudya ndi mankhwala la FDA linavomereza Lap-Band ku America mu 2001, ndipo zaka khumi zotsatira zinali za lamba.

Kwa nthawi yaitali anthu ankauzidwa kuti lamba amapanga kachifu kakang'ono pamwamba, kamene kamadzaza msanga n'kumasunga chakudya. Kafukufuku wa gulu la Paul O'Brien ku Monash University ku Melbourne anaonetsa kuti lamba akathina moyenera, chakudya sichikhalitsa pamwamba pake. M'mero umafinya chimene wameza kangapo mpaka chitadutsa, ndipo kufinyikako kumakhudza mitsempha ya pakhoma la chifu imene imauza ubongo kuti munthu wakhuta. Ndiye kuti ntchito ya lamba ndi kuchepetsa njala kuti munthu akhute ndi mbale yaing'ono. Amene amamuyesa chotsekera chakudya njira amafuna azingothina, ndipo mavuto ambiri amayambira pamenepo.

Masabata oyamba ndi singano yoyamba

Akatuluka m'chipatala, munthu amakhala pafupifupi masabata awiri akungomwa zamadzimadzi. Kenako amabwera pa zopotapota, zofewa ngati phala la khanda, kenako zofewa zotheka kuphwanya ndi foloko, ndipo chakudya cha masiku onse amachibwerera pakapita masabata pafupifupi 6. Cholinga cha zonsezi ndi kupatsa chifu mpata wopola kuti lamba akhazikike pamalo pake. Kusanza kapena kukankhira zolimba nthawi imeneyi kungamusunthe.

Pali chinthu chimene chimakhumudwitsa ambiri m'masabata amenewa. Kawirikawiri lamba amaikidwa wopanda madzi kapena ndi ochepa kwambiri. Kutupa kwa opaleshoni kukaphwa, njala imabwerera ngati kale, munthu n'kuyamba kuganiza kuti wawononga ndalama zake pachabe. Lambayo amakhala asanayambe ntchito.

Amayamba ntchito pa ulendo woyamba wokathira madzi, pakapita masabata 4 mpaka 6. Munthu amagona chagada n'kuuzidwa kuti adzutse mutu pang'ono, kuti minofu ya pamimba ilimbe, kabatani katumphuke. Namwino amakafufuza ndi zala, amapukuta khungu, n'kubaya singano yapadera yotchedwa Huber, yosongoka mwa njira yoti isabenthule mphira wa kabataniko. Ambiri amayamba akoka madzi onse kuti aone ngati akukwana ndi amene analembedwa ulendo wapita, chifukwa akaperewera ndiye kuti penapake pakudontha. Kenako amawabwezera n'kuwonjezera pang'ono, mwina mililita imodzi, mwina theka. Malamba ambiri amalowa mamililita 10 kapena 14 basi, choncho kadontho kamasintha zinthu. Asanachoke, munthu amapatsidwa kapu ya madzi kuti amwe pomwepo. Akatsika bwinobwino amapita kwawo, n'kukhalanso tsiku limodzi kapena awiri pa zamadzimadzi. Madzi akaima pachifuwa, amagonanso n'kuchotsedwa pang'ono.

Madokotala a ku Melbourne anagawa kathinidwe ka lamba m'mitundu itatu, ndipo zipatala zambiri zinatengera. Wachikasu ndi pamene lamba wachepa madzi: njala ikubwera msanga, munthu akudya zambiri, maganizo ali pa chakudya. Wobiriwira ndi pamene chakudya chochepa chikumukhutitsa kwa maola angapo, thupi likutsika pang'onopang'ono, ndipo sakusanza. Wofiira ndi pamene lamba wathinitsa: kumeza kukuvuta, chilungulira, kutsokomola usiku, kubweza chakudya. Kufika pobiriwira kumatenga maulendo angapo m'chaka choyamba, ndipo ukafikapo sukhalapo mpaka kalekale, chifukwa mafuta ozungulira chifu akamachepa lamba amakhwepa. Apa m'pamene mwambi woti kuona maso a nkhono n'kudekha umagwira ntchito. Wopupuluma amene amapempha madzi ambiri nthawi imodzi amadumpha pobiriwira n'kugwera pofiira.

Lamba samvekanso chimodzimodzi tsiku lonse. Ambiri amati m'mawa amakhala wothina moti amangomwa chotentha, ndipo amamasuka masana kapena madzulo. Amayi ena amamumva kuthina akatsala pang'ono kusamba. Nkhawa, chimfine, ngakhale kusanza kwa dzulo kumene kwatupitsa m'kati, zonsezi zimasintha zimene zingatsike lero.

Pa mbale

Zipatala zambiri za ku Britain zimaphunzitsa lamulo la 20. Chimene ukuika m'kamwa chisapose kukula kwa ndalama yachitsulo ya 20 pence, utafune ka 20, uike pansi supuni n'kudikira kaye usanatengenso china, ndipo pakatha mphindi 20 usiye kudya ngakhale m'mbale mwatsala. Zambiri zimalangizanso kusamwera chakudya madzi, ndi kupewa zakumwa za gasi. Poyamba pa mbale pazikhala zomanga thupi, nsomba, mazira, nyemba, nkhuku yofewa, kenako masamba, ndipo zokhutitsa zibwere pomaliza.

Zakudya zimene zimakonda kuima n'zodziwika: buledi wofewa amene amaumbika akanyowa, mpunga, nyama youma kapena yootcha, ndiwo zamasamba za mitsitsi yaitali, makoko a zipatso, nyama ya dzulo yotenthetsanso. Kwa ife odya nsima pali vuto lathulathu, limene mapepala a malangizo a ku London satchula. Nsima sitiitafuna kwenikweni. Timatema mbamu, kuiumba m'manja, kuisunsa m'ndiwo, n'kumeza. Mbamu yotereyo ndi yolimba, yomata, ndipo kukula kwake kumaposa kabowo kamene lamba wasiya. Munthu wathu wa ku Leeds kapena ku Cape Town amene waikidwa lamba ayenera kuuza katswiri wa zakudya mmene nsima imadyedwera, chifukwa akangonena kuti ndi chakudya cha chimanga amuyesa kuti akunena phala. Ena amaiphika yofewerapo, n'kumatema kambamu kakang'ono ndi kukatafuna ndithu. Ena amaisiyiratu. Chimanga chootcha, chinangwa, kanyenya ndi nkhwani wosadula bwino n'zofunikanso kusamala nazo.

Chakudya chikaima, mwini wake amadziwa nthawi yomweyo. Pakati pa chifuwa pamamveka kulemera ndi kupweteka, nthawi zina mpaka kumsana kapena paphewa. Maso amalengeza misozi, mphuno imachucha, m'kamwa mumadzaza malovu onanda amene sangamezeke chifukwa njira yatsekeka. Munthu amadzuka patebulo mwakachetechete n'kupita kuchimbudzi, ndipo chimene chaimacho chimabwerera monga chinalowera, chopanda kuwawasa kwa masanzi enieni poti sichinafike m'chifu. Kumwera madzi kuti chitsike kumangowonjezera vuto, chifukwa madziwo amaunjikana pamwamba. Zikatero chofunika n'kupumitsa chifu, kubwerera pa zamadzimadzi kwa tsiku limodzi. Zoterezi zikachitika mwa apo ndi apo chifukwa chodya mothamanga, ndi phunziro. Zikamachitika sabata iliyonse, ndi uthenga wopita nawo kuchipatala.

Msampha wa lamba wothina

Ichi ndicho chimene ndikufuna aliyense wokhala ndi lamba, komanso abale ake, amvetse. Kusanza si chizindikiro choti lamba akugwira ntchito. Munthu amene wavutika ndi thupi kwa zaka zambiri amaopa kwambiri kunenepanso, moti amalolera kupirira lamba wothinitsa, n'kumabisira namwino kuti akubweza chakudya tsiku ndi tsiku, poopa kuti amuchotsera madzi. Mantha amenewo ndi omveka. Koma taonani chimene chimachitika. Nyama, masamba ndi zipatso zikamakana kutsika, munthu amayamba kufunafuna zimene zimatsika mosavuta: tiyi wa shuga wambiri, ayisikilimu, chokoleti, mabisiketi osungunuka m'kamwa, juwisi, thobwa lotsekemera, mowa. Zonsezi zimadutsa pa lamba osaima, ndipo sizikhutitsa. Mapeto ake munthu akusanza tsiku lililonse, thupi likusowa zofunika, koma sikelo ikukwera. Iye amaganiza kuti mankhwala ake ndi kuwonjezera madzi, pamene chofunika ndi kuchotsako.

Ndipo chifu sichipirira mpaka kalekale. Kukankhira chakudya pa lamba wothina kumafutukula kachigawo ka pamwamba pake, ndipo m'mero nawonso umatha kukula n'kufooka. Nthawi zina mbali ya chifu imatuluka kudzera mu lamba n'kukwera pamwamba, zimene madokotala amati lamba watsetsereka. Zizindikiro zake ndi chilungulira chosatha, kudzidzimuka usiku ukutsamwa ndi madzi obwerera kukhosi, chifuwa cha usiku chimene ena amachiyesa mphumu, ndi kusanza zimene unadya maola ambiri apitawo. Zikafika poti ngakhale madzi kapena malovu sakutsika, makamaka pamodzi ndi kupweteka kwambiri m'mimba, imeneyo ndi ngozi yothamangira nayo kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa mbali ya chifu yopanikizikayo imatha kusowa magazi n'kufa.

Vuto lina limabwera mwakachetechete. Lamba amatha kudya khoma la chifu pang'onopang'ono mpaka kulowa m'kati mwake. Munthu amangodabwa kuti njala yabwerera ndipo akudya zonse ngakhale amuthire madzi, kapena pa kabatani pamatupa, kufiira ndi kutuluka mafinya, chifukwa tizilombo tayenda m'kapaipi kuchokera m'chifu. Lamba wotere amayenera kuchotsedwa. Palinso zing'onozing'ono koma zofala: kabatani kutembenuka moti singano singalowe, kapaipi kuthyoka kapena kudontha.

Popeza matumbo sanakhudzidwe, thupi limayamwa zakudya monga kale, ndipo kuperewera kwa mavitamini sikofala ngati pa maopaleshoni ena. Komabe munthu wodya pang'ono amalangizidwa kumwa mavitamini tsiku lililonse ndi kuyezetsa magazi chaka ndi chaka. Woopsa ndi vitamini B1, amene thupi limangosunga wokwanira masabata ochepa. Munthu amene wakhala akusanza kwa masabata n'kuyamba kusokonezeka mutu, kudzandira poyenda, kapena kuona zinthu ziwiriziwiri, akufunika vitamini ameneyu msangamsanga, chifukwa kuchedwa kumawononga ubongo. Kuonda mofulumira kumabweretsanso miyala mu ndulu, ndipo tsitsi limatha kuthothoka kwa miyezi ingapo kenako n'kumeranso. Mankhwala a ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, amene ambiri timangogula osafunsa, amapweteka khoma la chifu ndipo wokhala ndi lamba ayenera kufunsa dokotala asanamwe. Mapiritsi akuluakulu amathanso kuima. Amayi amalangizidwa kudikira miyezi 12 mpaka 18 asanatenge pakati, ndipo adziwe kuti thupi likatsika mwayi wotenga pakati umakwera. Pa nthawi ya pakati lamba amatha kumasulidwa ngati mayi akusanza kwambiri.

Chipangizo chimodzi, zotsatira zosiyana

Kodi lamba amathandizadi? Yankho limadalira kumene wafunsa, ndipo kusiyanako kumaphunzitsa zambiri.

Madokotala amayeza ndi kulemera kopitirira muyezo. Tiyerekeze munthu wamtali mamita 1.65 wolemera makilogalamu 120. BMI yake, nambala yoyezera kunenepa imene imapezeka pogawa kulemera ndi kutalika kochulukitsidwa ndi kutalika komweko, ndi 44. Kuti afike pa BMI ya 25 ayenera kulemera makilogalamu 68, choncho opitirira ndi 52. Akataya theka la amenewa amafika pa 94. Sakhala wochepa thupi, koma mawondo, mtima ndi tulo take zimamva kusintha kwakukulu.

Mu 2008, John Dixon ndi anzake ku Melbourne anafalitsa kafukufuku wa anthu 60 amene anali atangopezeka kumene ndi matenda a shuga a mtundu wachiwiri. Patatha zaka ziwiri, shuga anabwerera m'malo mwake kwa anthu 73 pa 100 alionse oikidwa lamba, poyerekeza ndi 13 pa 100 mwa amene anangotsata mankhwala ndi malangizo. Mu 2013 O'Brien anafalitsa zotsatira za anthu 3,227, ndipo amene anatsatiridwa mpaka zaka 15 anali atatayabe pafupifupi 47 peresenti ya kulemera kopitirira. Palibe amene anamwalira chifukwa cha opaleshoniyo. Koma ngakhale kumeneko ambiri anabwereranso pa opaleshoni kukakonzetsa lamba, kabatani kapena kapaipi.

Ku Brussels nkhani inali ina. Mu 2011 Jacques Himpens ndi anzake anafufuza anthu amene anaikidwa lamba pakati pa 1994 ndi 1997. Mwa amene anapezeka patatha zaka 12 kapena kuposa, pafupifupi theka anali atachotsedwa lamba, ndipo mwa oposa munthu mmodzi pa anayi alionse lamba anali atadya chifu. N'zoona kuti amenewo anali malamba akale, oikidwanso mwa njira yakale imene inasinthidwa pambuyo pake. Koma chipatala cha ku Melbourne chinamangidwa pa kutsatira odwala moyo wawo wonse, ndipo ndi zipatala zochepa padziko zimene zinakwanitsa kuchita chimodzimodzi. Kuika lamba kunali kophweka ndi kopindulitsa. Kuona munthu yemweyo kwa zaka 20 chifukwa cha theka la mililita kunali kotopetsa ndipo kunalibe phindu lalikulu. Pamenepa ine ndimaona kuti odwala ambiri analakwiridwa.

Kafukufuku wamkulu wa ku Britain wotchedwa By-Band-Sleeve, wotsogoleredwa ndi University of Bristol, anayerekeza njira zitatu pa anthu oposa 1,300, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2025. Patatha zaka zitatu, amene anataya theka kapena kuposa la kulemera kopitirira anali 68 pa 100 mwa ochitidwa gastric bypass, imene imalambalalitsa chakudya mbali ya chifu ndi matumbo, 41 pa 100 mwa ochitidwa sleeve, imene imadula mbali yaikulu ya chifu, ndi 25 pa 100 okha mwa oikidwa lamba. Kuwonjezera apo kwabwera majekeseni monga Wegovy ndi Mounjaro amene amachepetsa njala popanda mpeni. N'chifukwa chake munthu wofunsa lero sapatsidwa lamba kawirikawiri. Koma izi sizikutanthauza kuti amene lamba wake akuyenda bwino athamangire kukamuchotsa. Alipo ambiri amene akhala naye zaka zoposa khumi mwamtendere. Vuto lawo n'lakuti anamwino ndi madokotala odziwa kuthira ndi kuchotsa madzi akucheperachepera.

Maso a anthu

Mu 2008 nyuzipepala ina ku Britain inaulula kuti Fern Britton, amene panthawiyo ankaulutsa pulogalamu ya This Morning pa wailesi yakanema ya ITV, anaikidwa lamba zaka ziwiri m'mbuyomo osanena. Anthu anamunyoza ngati wonama. Chris Christie, amene anali bwanamkubwa wa New Jersey, anaikidwa lamba mu February 2013 ndipo dziko linadziwa patapita miyezi itatu. Sharon Osbourne, mayi wotchuka pa wailesi yakanema, anaikidwa mu 1999 n'kumuchotsa mu 2006. Ngati anthu otchuka chonchi ankavutika kunena, kuli bwanji munthu wamba? Amanyozedwa ali wonenepa, ndipo akachitidwa opaleshoni amanyozedwanso kuti wadutsa njira yachidule. Amene waonapo munthu akudzuka patebulo misozi ili m'maso chifukwa cha kachidutswa ka nyama sanganene kuti imeneyi ndi njira yachidule.

Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi mbali inanso. Kuuza munthu kuti wanenepa ndi kumuyamikira, kutanthauza kuti zikumuyendera. Kuonda msanga kumadzutsa manong'onong'o a matenda, ndipo tonse tikudziwa matenda amene anthu amawaganizira. Munthu wobwera kutchuthi atatsika makilogalamu 30 amafunsidwa ndi azakhali ake kumbali, "Mwanawe, ukupeza bwino koma?" Ndiye pali mbale. Mlendo amapheredwa nkhuku, amaomoleredwa mitanda iwiri kapena itatu, ndipo kungotemako pang'ono n'kusamba m'manja kumaoneka ngati chipongwe kapena kukayikira eni nyumba. Munthu wa lamba amene akuopa kukhumudwitsa apongozi ake amadya mothamanga, amadya zambiri, n'kukabweza kuseri kwa nyumba. Bwenzi zili bwino atangouza munthu mmodzi wamkulu m'banjamo zoona zake, kuti dokotala anamuika chipangizo m'mimba ndipo amadya pang'ono, modekha. Achikulire athu amamvetsa nkhani za kuchipatala kuposa mmene timawaganizira, ndipo iwo akanena, nyumba yonse imasiya kukakamiza.

Nkhani ya kunenepa siili kutali nafe. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'Malawi wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 pa 100 alionse anali ndi thupi lopitirira muyezo, ndipo wa ku South Africa wa 2016 anapeza 68 pa 100. Kwa okhala ku England, malangizo a bungwe loona za umoyo la NICE amati opaleshoni yochepetsa thupi ingaganiziridwe pa BMI ya 40 kupita m'mwamba, kapena kuyambira 35 ngati pali matenda monga shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Kwa anthu akuda ochokera ku Africa ndi a ku Asia, manambalawa amatsitsidwa ndi 2.5, chifukwa matendawa amawagwira thupi lisanafike pamene limafika la azungu. Ambiri athu sadziwa zimenezi. Mizere ya ku zipatala za boma za NHS ndi yaitali, ndipo ena amapita kunja, makamaka ku Turkey, kukachitidwa motsika mtengo. Asanagule tikiti, funso loyamba likhale lakuti ndani adzamuona pakatha mwezi, pakatha chaka, pakatha zaka khumi.

Lamba akafika pochotsedwa, amachotsedwa kudzera m'timabowo monga anaikidwira. Chifu chimabwerera pafupifupi mmene chinalili, ngakhale chipsera chimatsala. Njala imabwereranso, ndipo ambiri amanenepanso ngati palibe china cholowa m'malo. N'chifukwa chake madokotala amakambirana za kusinthira ku bypass kapena sleeve, nthawi yomweyo kapena pakapita miyezi, kapenanso majekeseni aja. Munthu wochotsedwa lamba kawirikawiri amadziimba mlandu kuti walephera. Manambala a ku Brussels ndi ku Bristol akusonyeza kuti ali pakati pa anthu ambirimbiri, ndipo vuto lalikulu linali la chipangizocho ndi chisamaliro chake.

Amene adakali naye ndipo akukonzekera ulendo wobwera kumudzi, ku Dedza, ku Chipata kapena ku Angónia, asathiritse madzi kutatsala masiku ochepa kuti anyamuke, chifukwa kuthina kumatha kuonekera pakapita masiku angapo, iye ali kutali ndi amene anamuthira. Ngati akubweza kale chakudya, ndi bwino achotsetseko pang'ono asananyamuke. Atenge kalata ya dokotala yonena mtundu wa lamba, chaka chimene anaikidwa, madzi amene ali m'kati, ndi pamene pali kabatani. Apemphenso ngati angapatsidwe singano ya Huber yosatsegula, poti si chipatala chilichonse chimene chimasunga. Matenda otsegula m'mimba ndi kusanza, kapena malungo osanzitsa, amene wina angawapirire kunyumba, kwa iye ndi chifukwa chopitira kuchipatala msanga. Akafika kumeneko madzi akukana kutsika, anene poyambirira pomwe kuti ali ndi lamba pachifu, aonetse kalatayo, agwiritse dzanja la dokotala pa kabatani, ndipo apemphe X-ray ya pamimba, imene imaonetsa ngati lamba wapendekeka. Thandizo loyamba pa lamba wotseka njira ndi kuchotsa madzi onse amene ali m'kati mwake.